Za ku Guangzhou ndamva

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, mvula yayamba. Amayi ako mwendo uja ukuwavutabe, koma akupereka moni.

Malume ako andiuza kuti mwezi wathawu sunaponde m'kalasi, unali ku Guangzhou, ku China komweko, ndi mnzako uja kukagula mafoni oti muzitumiza kuno. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndalama, mwana iwe, ndalama! Sukuluyo uisiye chifukwa cha mafoni?

Kodi si iwe unandiimbira utangochoka ku Ningbo, mawu akuchita kunjenjemera? Unati nyumba yosungiramo zakale imene mapulani ake anajambula Wang Shu, yotsegulidwa mu 2008, makoma ake anawakuta ndi njerwa ndi matailosi otola m'midzi yogumulidwa. Amisiri anasanja zidutswazo monga ankachitira makolo awo mkuntho ukagwetsa nyumba. Kamangidwe kameneka amati wapan, unatero, ndipo dzinalo ndinalilemba pa chitseko cha shedi, lilipobe. Munthu wotola zogumuka ameneyo mu 2012 analandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Unati nawenso ukufuna kumanga motero. Ndiye zapita kuti?

Chithunzi cha dougong chija ndimachiyang'anabe, timitengo tolowana tonyamula denga popanda msomali. Ndinayesa ndi zidutswa za mlombwa, masiku atatu, mpaka tinagwirana. Anyamata ku shedi ankachita kulandirana. Ndinawauza kuti nyumba yofiira ija ya ku Shanghai, ya chionetsero cha 2010, maonekedwe ake anatengera pa kamtengo komweka, ndipo mwana wanga akuphunzira zimenezo. Lero ndikawauza chiyani?

Ndikukuona uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, utuchi mutu wonse, ukulirira tchizulo. Chipsera cha pa chala chija uli nachobe. Manja amenewo ndi a mmisiri, mwana wanga, ine ndimawadziwa.

Mnzakoyo ndinamuona kamodzi kokha, pa bwalo la ndege, ndipo mtima wanga sunamulandire. Katundu akakagwidwa kapena sukulu ikakuchotsa, iye sadzakhalapo. Viza yako ndi ya sukulu, usaiwale. Usiyane naye.

Ngati ndalama yakuchepera, nena. Kabati ija ndamaliza, mwini wake alipira kumapeto kwa mwezi, ndikutumizira yonse. Koma ubwerere m'kalasi, ndapota nawe. Mafoniwo asiye.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi uyimbe. Amayi ako sindinawauzebe, ndikufuna ndiyambe ndamva kwa iwe.

Ndine,
Bambo ako