Kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda wathu: tiyankheni za bwalo la kuseri kwa msika

Olemekezeka akuluakulu a khonsolo,

Ndikulemba pa tsamba lanu la Facebook m'malo mwa komiti ya anthu okhala m'dera lathu, chifukwa kalata imene tinadzatula ku ofesi kwanu miyezi isanu yapitayo, imenenso mlembi wanu anailandira n'kuidinda chidindo, sinayankhidwe mpaka lero. Tabwerako katatu kudzafunsa, ndipo maulendo onsewo tauzidwa kuti bwana woyenera kuiona ali ku msonkhano. Sitinafune kuti nkhaniyi ifike pagulu, koma khomo lina loti tigogode latisowa.

Nkhani yake ndi ya bwalo limene lili kuseri kwa msika wathu. Ife amene tinakulira kuno tikukumbukira kuti pamenepa ndi pamene anyamata ankamenyera mpira wa chikulunga, atsikana mpira wa manja, ndipo madala ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa. Lero bini lalikulu limene munaika pangodya linadzaza kalekale, zinyalala zinasefukira mpaka pakati pa bwalo, ndipo ana opita kusukulu amadumpha matewera otayidwa ndi mabotolo osweka atavala mapatapata. Pali mayi wina amene amagulitsa tomato ndi masamba m'mphepete mwa mulu umenewu. Dzanja limodzi amaperekera chenji, linalo amaingitsira ntchentche ndi kachidutswa ka katoni, ndipo m'mawa uliwonse, wotolera msonkho wanu akafika, mayiyu amalipira osanyinyirika n'kupinda tikiti yake pansonga ya chitenje. Iyeyo ndiye anatifunsa pamsonkhano kuti kodi ndalama imene amapereka tsiku ndi tsiku imagwira ntchito yanji, ndipo tonse tinasowa chomuyankha.

Tikamadandaula za mulu umenewu sikuti tikungofuna malo okongola ayi. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo tonse tinaona mmene imafalira msanga kumene kuli uve ndi madzi oipa. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anatiphunzitsanso kuti madzi akasowa njira amadzipangira okha, ngakhale kudutsa m'nyumba za anthu. Ngalande imene imadutsa kumunsi kwa bwalo lathu yatsekeka ndi majumbo ochokera pamuluwu, moti mvula ikangogwa ola limodzi, madzi akuda amalowa m'makomo a nyumba zapafupi.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho sitinakhale pansi kudikira kuti wina adzatiganizire. Tinakumana Lamulungu katatu motsatizana, masana anthu atabwera kumapemphero, ndipo kunabwera amayi a mumsika, anyamata a kabaza, atsogoleri a mipingo ndi a mzikiti, ndi achinyamata a timu ya mpira. Maganizo amene anatuluka pamenepo ndi a anthu odziwa bwalolo ndi mapazi awo. Amayi anapempha nyali ziwiri za sola panjira yodutsa pakati, chifukwa mdima ukagwa amazungulira ulendo wautali poopa achifwamba. A kabaza anapempha kamthunzi ndi malo oimikapo njinga kuti asamatseke chipata cha msika. Owotcherera zitsulo analonjeza magoli, akalipentala analonjeza mabenchi, ndipo mphunzitsi wina wopuma anajambula zonsezi papepala lalikulu, kusonyeza pamene padzakhale mitengo ya mbawa ndi mthethe, pamene padzakhale chimbudzi cholipiritsa, ndi pamene ana ang'ono azidzasewerera kutali ndi msewu.

Ganizo limene linandigwira mtima kwambiri linachokera kwa achinyamata. Iwo anati zambiri mwa zinyalala za mumsika ndi zoola, monga makoko a nthochi, masamba ofota ndi zotsalira za chimanga, ndipo zimenezi zikapatulidwa kwa mapulasitiki zingasanduke manyowa ogulitsa kwa alimi a m'madimba, makamaka masiku ano pamene thumba la feteleza lakwera mtengo chonchi. Ndalama ya manyowa ndi ya chimbudzi ndiyo izilipira wosesa ndi mlonda. Zinyalala zoti galimoto yanu izinyamula zingachepe kwambiri, ndiye kuti pulaniyi ikukupeputsirani ntchito inuyo.

M'kalata ija sitinapemphe ndalama. Tinapempha chilolezo cholembedwa, kuti tisadzamange mabenchi lero mawa n'kumva kuti agwetsedwa chifukwa analibe chilolezo, ndiponso galimoto yoti idzachotse mulu umene ulipowu, popeza ndi waukulu kuposa mphamvu ya mawilibala athu. Chachikulu koposa, tinapempha kuti mutisonyeze malire a bwaloli pa mapu anu. Mwezi watha tinaona anthu atatu akuyeza mbali ina ndi tepi n'kukhoma zikhomo, ndipo titawafunsa sanafune kunena amene wawatuma. Anthu kuno ali ndi mantha kuti tsiku lina tidzadzuka n'kupeza mpanda wa malata utazungulira malo amene ndi a tonse. Ngati malowa anagawidwa kale, tiuzeni poyera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo funso lathu ndi limodzi mwa mafunso amene lamuloli limatilola kufunsa.

Chimene chikutipweteka n'chakuti zimene tikuchitazi ndi zomwe boma lenilenilo limatiuza kuti tichite. Kuyambira 1998, pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zinakhazikitsidwa, takhala tikumva kuti chitukuko chiziyambira kwa eni dera. Mu Novembala 2020 kunakhazikitsidwa tsiku loyeretsa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ife tinalilandira ndi manja awiri. Koma tikasesa n'kuunjika, galimoto osabwera, mphepo ndi agalu zimangomwazanso zonse, ndipo anthu amene anasiya malonda awo kuti adzasese amagwa ulesi.

Tikupempha kuti mutiyankhe pansi pa uthenga uno, kapena kudzera kwa khansala wathu, potiuza ofesi imene kalata yathu yaima ndi tsiku limene wogwira ntchito wanu angabwere kudzayenda nafe pabwalopo kuti aone yekha. Mbande za mitengo zili kale m'machubu kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa ife, ndipo nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Komiti ikumananso Lamulungu likudzali pansi pa mtengo wa mango uja, 2 koloko masana, ndipo mpando wa nthumwi yanu tiusunga.