Phewa la amuna anga likutha, koma akukana kutsika pa makwerero

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kanyama ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi zimene ndimakaoda ku Soweto Market. Vuto limene ndabwera nalo ndi la amuna anga, koma eni akewo sangalembe kalata ngati iyi ngakhale mutawagwiritsa cholembera m'manja.

Bambo a ana angawa ali ndi zaka 47, ndipo chiyambire unyamata wawo ntchito yawo ndi yopulasita ndi kupenta nyumba. Amene anaonapo munthu akupenta silingi akudziwa mmene zimakhalira, nkhope chagada, mkono m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Phewa la kumanja linayamba kuwawa kalekale, iwo n'kumati ndi kutopa chabe. Zinafika poipa tsiku lina pamene ankakwezera mnzawo chigubu cha penti cha malita 20 pa sikafodi. Akuti anamva ngati china chake chang'ambika mkati, mkono n'kufooka nthawi yomweyo.

Usiku ndiye pali nkhani. Akangotembenukira kumanja ali m'tulo amadzidzimuka n'kubuula, kenaka amakhala tsonga atatsamira khoma mpaka tambala woyamba. M'mawa ndimawaona akulimbana ndi ovolosi: amayamba alowetsa mkono wodwalawo, n'kumazungulira thupi lonse kufunafuna kolowetsa winawo. Chikwama anasiya kuika m'thumba la kumbuyo chifukwa dzanja silifikako. Mu minibasi ndalama amapereka ndi lamanzere, chinthu chimene mwana atachita pamaso pawo angamukalipire.

Nditawaumiriza tinapita ku kiliniki. Anawajambula X-ray, ndipo zinaoneka kuti mafupa ali bwinobwino. Amuna anga anangotola mawu amenewo basi, zotsalazo ndinamva ndine. Adokotala anafotokoza kuti X-ray imaonetsa mafupa, pamene vuto lawo likuoneka kuti lili m'mitsempha yolumikiza minofu ku fupa. Anati mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira ndipo umakhala m'kabowo kosazama. Chimene chimaugwira kuti usaguluke ndi minofu inayi yochokera ku fupa lophwatalala la kumbuyo kwa phewa, ndipo mitsempha yake, imene imakuta mutu wa fupalo, amaitcha rotator cuff. Wapamwamba, supraspinatus, umadutsa pa kampata kopanikizika kunsi kwa fupa la pamwamba pa phewa. Munthu akamagwira ntchito mkono uli m'mwamba zaka ndi zaka, umaperepeseka ngati chingwe cha pachitsime chimene chimakhula pa simenti tsiku ndi tsiku. Magazi safika ambiri pamenepo, n'chifukwa chake suchira msanga, makamaka kwa munthu wopitirira zaka 40 komanso wosuta fodya. Pa mawu a fodyawo bambo anayang'ana kudenga.

Kenaka anawauza kuti akweze mkono cham'mbali pang'onopang'ono. Poyamba unakwera bwino, utafika chapakati nkhope inakwinyika, ndipo atawathandiza kudutsa pamenepo ululu unachepa. Adokotala anati kuwawa kwa pakati pa madigiri 60 ndi 120 ndi chizindikiro chodziwika cha vuto limeneli, koma kuti tidziwe ngati mtsemphawo wangotupa, wang'ambika pang'ono kapena waduka wonse, pafunika sikani ya ultrasound kapena MRI. Anatipatsa kalata yopita kwa a physiotherapy, n'kunena kuti anthu ambiri amapeza bwino ndi masewera olimbitsa phewa popanda opaleshoni, koma pamatenga miyezi. Anawaletsa ntchito ya m'mwamba, komanso anawachenjeza kuti asangoupinda mkono osaugwedeza, chifukwa phewa likhoza kuuma. Ngati waduka wonse n'kufunika kusoka, mkono umakhala m'nsalu yokolekera masabata 4 mpaka 6, ndipo ntchito yolemera imadikira miyezi ingapo.

Alangizi, kalata ija ili pansi pa matiresi mpaka lero. Ndamva kuti ku zipatala za UTH ndi Levy Mwanawasa kuli a physiotherapy, koma bambo akuti tsiku limodzi pa mzere wa kuchipatala ndi tsiku limodzi lopanda ndiwo. Panopa ali ndi ntchito pa nyumba ina yaikulu ku Chalala, ndipo mwini wake akufuna ithe mvula ya November isanagwe. Bambo sanamuuze kanthu kapitawo wawo. Akuopa kuti akangodziwa, mawa lake pa makwerero pakwera mnyamata wina, poti anthu ofuna ganyu amafika pa geti m'mawa uliwonse. Pamenepa sindiwatsutsa, ndi zoona ndithu.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mapiritsi. Amagula brufen ndi diclofenac, n'kumamwa zonse ziwiri m'bandakucha m'mimba muli gwa, kuti akafika kuntchito ululu ukhale utagona. Tsopano ayamba kudandaula chilungulira, nsima akudya pang'ono. Ku kiliniki kuja anatiuza kuti mankhwala amenewa akachuluka amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amawononga impso. Ndikawakumbutsa amati, "Amake mwana, kodi lendi tilipira ndi phewa?"

Mnzawo wina wawauza za jakisoni wa steroid wobaya m'phewa momwemo, ndipo mtima wawo wonse uli pamenepo. Ine ndinafunsiratu kwa adokotala aja. Anati amachepetsa ululu kwa kanthawi koma salumikiza chong'ambika, ndipo akamabayidwa mobwerezabwereza mtsempha ukhoza kufooka. Mantha anga ndi akuti ululu ukangozima, bambo akwera silingi ndi mphamvu zonse, n'kumalizitsa kudula kamene katsala.

Apongozi nawo ku Katete aimba foni kuti izi si zachabe, wina kuntchito wawachitira nsanje, abwere kumudzi adzawatemere mphini. Ndi amayi anga ndipo ndimawalemekeza, sindinawayankhe mwano. Koma lumo limacheka khungu, pamene chovulala chili kunsi kwa fupa, ndipo ndalama ya basi kupita ndi kubwera ndi yomweyo imene tikanayambira kuchipatala.

Ndinayesa kupereka nzeru yakuti atenge mwana wa achemwali awo, amene akungokhala ku Chawama, kuti azipenta za m'mwamba iwo azigwira makoma a m'munsi ndi kumuyang'anira. Anakhumudwa kwambiri, akuti ndawasandutsa nkhalamba. Tsiku limenelo sanandiyankhule mpaka kugona.

Kumapeto kwa mwezi uno ndikulandira ndalama ya chilimba. Ndinkafuna kuonjezera katundu pa tebulo langa, ndiponso lendi ikudikira. Kodi ndiitaye pa sikani kuti tidziwe zoona zake, kapena ayambe kaye physiotherapy sikaniyo ibwere pambuyo? Popeza mkono unafooka mwadzidzidzi tsiku la chigubu lija, kodi kuchedwa kwathuku sikungachititse kuti kusoka kudzavute? Nanga ife a maganyu ndi timabizinesi tikalembetsa ku NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, zingatithandize pa zinthu ngati zimenezi? Ndipo pali mankhwala ena ochepetsa ululu amene sangawapweteke m'mimba?

Koposa zonse, ndiuzeni mmene ndingawalankhulire. Ndaganiza zokauza amalume awo a ku Matero, amene mawu awo sawakana, koma ndikuopa kuti adzati ndatulutsa za m'nyumba. Ndaganizanso zokaonana ndi kapitawo ndekha, koma zimenezo ndikudziwa kuti zingathetse banja. Tsamba lanuli amawerenga pa foni Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, choncho poyankha mulankhule ndi iwonso, osati ine ndekha.

Ndine,
Mayi wosowa tulo
Kanyama, Lusaka