Amalinyero aja ankanena zoona

Akonzi,

Nkhani yanu yokumbukira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndinaiwerenga mpaka kumapeto, koma mawu amodzi andikhala pakhosi. Munati dziko la America linaposa Japan panyanja ya Pacific chifukwa cha zida zapamwamba. Ndiloleni ndiwayankhulireko anyamata amene ankamenya nkhondoyo ali m'sitima zoyenda pansi pa madzi, poti kwa miyezi pafupifupi 21 chida chawo chachikulu chinkawagwiritsa fuwa la moto.

Chidacho ndi torpedo ya Mark 14, bomba lodziyendera lokha m'madzi. Imodzi inkagulidwa pafupifupi madola 10,000, choncho nkhondo isanayambe akuluakulu ankaumira kuiphulitsa pongoyesa. Kuyambira Disembala 1941 makaputeni ankabwerera kudoko akudandaula kuti aponya bwinobwino koma sitima ya adani yangodutsa. Ofesi yoona za zida, Bureau of Ordnance, inkayankha kuti vuto ndi oponyawo. Ine ndakalambira pa ntchito yokonza mainjini, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake ukanena kuti chitsulo ndi chopindika, wina amene sanachigwirepo n'kukuuza kuti chopindika ndi dzanja lako.

Mu Juni 1942 mkulu wina wa asilikali apamadzi, Charles Lockwood, anatopa nazo. Anatchera ukonde wa asodzi m'nyanja kufupi ndi Albany ku Australia, n'kulamula kuti aponye matorpedo pa ukondewo. Mabowo ake anaonetsa kuti ankayenda mamita atatu kunsi kwa pamene anawatchera. Ukonde wa nsomba ndi umene unaulula zimene akatswiri ankakana!

Koma nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya sitima yapansi pa madzi ya Tinosa. Pa 24 Julaye 1943, kufupi ndi zilumba za Truk, kaputeni Lawrence Daspit anapeza chisitima cha Japan chonyamula mafuta, Tonan Maru No. 3. Anaponya matorpedo 15, anaphulika awiri okha. Chisitimacho chinaima, chosathanso kuthawa, iye n'kudzikonza bwino kuti achimenye pamimba penipeni. Amalinyero ankangomva kugunda kwa chitsulo pa chitsulo, kenako zii. Taganizani, anthu atsekeredwa m'chimgolo chotentha, chonunkha dizilo ndi thukuta, akudziwa kuti torpedo iliyonse yasiya mzere wa thovu wolozera adani pamene iwo ali. Daspit anasunga yomaliza n'kupita nayo kudoko la Pearl Harbor ku Hawaii ngati umboni.

Kumeneko akuluakulu analamula kuti aponye ena pa matanthwe a chilumba cha Kahoolawe, ndipo chinsinsi chinadziwika. Torpedo ikagunda molunjika, kamsomali koyatsira bomba kankapanikizika kasanafike pake; ikagunda chammbali ndiye inkaphulika. Ndiye kuti amene ankalunjika bwino kwambiri ndi amene ankalephera. Anapanga kamsomali kopepuka, ndipo cha mu Seputembala 1943 zinthu zinayamba kuyenda.

Pofika nthawiyo makaputeni angapo anali atachotsedwa kale pa udindo ati chifukwa chosaonetsa zipatso. Pa nkhondo yonseyo America inataya sitima zapansi pa madzi 52 ndi amuna oposa 3,500, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene anapita kukasaka adani. Zambiri mwa sitimazo zinamira ndi anthu onse, popanda wotsala woti afotokoze ngati torpedo yawo yomaliza inaphulika.

Mukadzalembanso za nkhondoyi, chonde dzina la Tinosa lidzaonekemo.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wopuma pantchito