Thandizo la ngozi lisathere pa ufa ndi zofunda

Mkonzi,

Thandizo la anthu okhudzidwa ndi namondwe likuiwala matenda a maganizo, ndipo izi ziyenera kusintha. Ufa ndi zofunda timathokoza, koma sizichotsa mantha.

Kuno ku Muloza, chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023, alipo anthu amene sagona mvula ikamagunda malata usiku. Amakhala tsonga pakhomo, tochi kumanja, kumvetsera ngati miyala yayamba kugubuduka m'phiri. Ana ena mitambo ikangoda sapita kusukulu. Ovutika kwambiri ndi mabanja amene abale awo anakwiririka m'matope mitembo osapezeka. Maliro sanaike, manda oti akalirepo palibe. Ife timangoti "limbani mtima," basi tatha. Tisaiwalenso kuti anthu omwewa anali atangovutika ndi namondwe wa Ana ndi wa Gombe mu 2022.

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Ndi kutali, ulendo wake ndi wodula, ndipo ambiri amaopa kutchedwa amisala.

Pempho langa n'lakuti alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, abusa, mashehe ndi makomiti a ngozi a m'midzi aphunzitsidwe kumvetsera munthu wosweka mtima ndi kudziwa amene akufunika dokotala. Namwino wa matenda a maganizo aziyendera zipatala zazing'ono mwezi uliwonse, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA iziika ndalama za ntchitoyi mu ndondomeko yake mvula isanayambe. Mafumu nawonso akonze mwambo wokumbukira amene sanapezeke, kuti abale awo alire poyera.

Mlimi wodandaula,
Muloza, Mulanje