Lipoti la ulendo wokaona msonkhano wa anthu amene akusiya mowa

A Wapampando ndi mamembala anzanga a komiti,

Munandituma kuti ndikafufuze komwe anthu ovutika ndi mowa amakumana n'kumathandizana okhaokha, ndikakhale nawo, ndidzakuuzeni ngati n'koyenera kulozerako abale amene mabanja awo akhala akutidandaulira. Ndapitako kawiri.

Kuwapeza kunandivuta. Ndinayamba ndi intaneti, kufufuza Alcoholics Anonymous, amene ambiri amangoti AA, koma tsiku ndi ola zimene ndinapeza zinali zakale, moti ndinakafikira pachitseko chotseka. Anandipulumutsa ndi namwino wina woona za matenda a maganizo, yemwe anandilumikiza ndi mmodzi wa mamembala awo. Choncho imbani foni kaye musananyamuke. Mufunsenso mtundu wa msonkhanowo, chifukwa ilipo iwiri: wina ndi wa aliyense, wina ndi wa okhawo amene akufuna kusiya mowa. Ine, poti sindimwa, anandilola pa wa aliyensewo.

Tinakhala mozungulira kwa ola limodzi. Woyendetsa sanali dokotala kapena mbusa, anali munthu woti nayenso mowa unamuzunzapo. Aliyense akafuna kulankhula ankatchula dzina loyamba lokha, n'kunena kuti ndi chidakwa. Abale anga, mawu amene ife timanyozera nawo anthu, kumeneko munthu amadzitchula nawo yekha, maso ali pa anzake. Palibe womudula mawu, ndipo akamaliza palibe womupatsa uphungu. Amangomuthokoza, wina n'kuyamba kufotokoza zake.

Panali bambo wina wobwera koyamba. Manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi anaigwira ndi manja awiri. Atamupatsa mpata wolankhula anangopukusa mutu, ndipo anamudumpha osamufunsa chilichonse. Titaweruka ndinaona amuna awiri akumulembera manambala awo pakapepala, kumuuza kuti chibaba chikamugwira, ngakhale pakati pa usiku, aimbe asanamwe. Ulendo wanga wachiwiri ndinamupezanso atakhala pampando womwewo. Ndinakumbukira malemu achimwene anga, amene ife tinkawazungulira pabanja ndi mawu odzudzula mpaka anasiya kubwera kunyumba.

Njira imeneyi inayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, pamene Bill Wilson, amene anali atangosiya kumwa, anakumana ndi dokotala wa opaleshoni Bob Smith, chidakwa chinzake. Wilson anali ataona kuti akamalankhula ndi munthu wa vuto ngati lake, iye mwini amalimba. Mpaka lero maziko ake ndi omwewo. Amatsata masitepe 12, kuyambira pa kuvomereza kuti mowa wawagonjetsa, ndipo ena mwa masitepewo ndi kulemba mayina a onse amene anawalakwira n'kukakonza zinthu ngati n'kotheka. Salumbira kuti sadzamwanso moyo wonse. Amangolimbana ndi tsiku la lero. Watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti azimuyendetsa, ndipo ameneyu amamutcha sponsor. Wina akagwa n'kumwanso, samuthamangitsa.

Palibe cholipira polowa. Amayendetsa kambale, amene ali nako kangachepe amaponyamo. Nditafunsa ngati komiti yathu ingawathandize ndi ndalama, anakana mwaulemu, chifukwa lamulo lawo salandira chuma cha anthu akunja kwa gulu. Ngakhale titawapatsa chipinda, angafune azilipirako okha.

Ena munkada nkhawa kuti mwina ndi mpingo watsopano. Si mpingo. Amatchula Mulungu, koma aliyense monga mmene akumudziwira, ndipo sakakamiza munthu. Amene sakufuna za uzimu n'komwe, kuli SMART Recovery, yomwe inayamba mu 1994, imene imaphunzitsa munthu kuzindikira maganizo omukankhira ku botolo. Magulu onsewa amakumananso pa intaneti kudzera pa Zoom, zimene zingathandize wokhala kutali. Kwa akazi, amuna ndi makolo a anthu omwa kuli Al-Anon, yomwe inayamba mu 1951. Ndikuona kuti ambiri amene amabwera kudzalira kwa ife akufunika kumeneko iwo eni.

Chenjezo limodzi anandibwerezera, ndipo tilisunge. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha. M'masiku oyambirira akhoza kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zoti palibe, mpaka kufa kumene. Wotereyu ayambe waonana ndi achipatala, chifukwa msonkhano si mankhwala.

Pempho langa ndi lakuti tisamakokereko munthu ngati chilango, ndiponso tisamafunse amene tawalozerako kuti kumeneko anaonako ndani. N'chifukwa chake inenso sindinatchule dzina la aliyense. Tisankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, osunga pakamwa, oti azisunga nambala ya gululo, azitsimikiza tsiku ndi ola mwezi uliwonse, ndipo wina akavomera kupita azimuperekeza ulendo woyamba mpaka pakhomo. Ngati mungandilole, ine ndadzipereka kukhala mmodzi mwa awiriwo.

Ine wanu,
Nthumwi ya komiti