Kalata yoyamikira ogwira ntchito ku Mercy James, chipatala cha Gulupu

Kwa akuluakulu a Mercy James Centre,
Chipatala cha Queen Elizabeth, Blantyre.

Mabwana ndi madona,

Talemba kalatayi pofuna kuthokoza mmene munalandirira ndi kusamalira mwana wathu wa zaka ziwiri, amene munamuchita opaleshoni ya hernia ya pachinena, chotupa chobwera thumbo likatsikira pachinenapo. Bala linapola bwino, mwana akudya ndipo akuthamanga pabwalo ndi anzake. Tikupempha kuti mawu awa afike makamaka kwa anamwino amene anali pa ntchito mu wodi m'mawa wa tsiku la opaleshoniyo. Dzina lawo sitilitchula poti kalatayi iwerengedwa ndi ambiri, koma eni ake akudzidziwa.

Tinene chilungamo, tinafika ku Gulupu titakonzeka kukalipiridwa ndi kubwezedwa, chifukwa ndi zimene tinazolowera kumene tinayamba kupita. Aliyense amene anayendapo ndi mwana wodwala amawadziwa mawu akuti "bwerani Lachiwiri", Lachiwiri likakwana n'kumva kuti adokotala apita ku msonkhano. Hernia nayo ili ndi khalidwe lovuta: chotupa chimatuluka mwana akalira, akatsokomola kapena akamadzikanka pochita chimbudzi, ndipo akagona chimabwerera mkati. Ndiye mwana amagona kumsana pamzere wautali uja, mukalowa m'chipinda choyezera chotupa palibe. Malo ena woyeza sanamasule n'komwe thewera, anangolemba panado ndi mankhwala a njoka za m'mimba maso ali pa foni. Malo ena anatiuza kuti "zimenezi zimatha zokha akamakula". Mawu amenewo ndi oona pa mchombo wotupa, umene nthawi zambiri umatsekeka wokha mwana asanakwane zaka zisanu, koma hernia ya pachinena siitha yokha, ndipo munthu wovala yunifomu ayenera kudziwa kusiyana kwake. Pamene kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu inalembedwa, kabuku ka mwana kanaponyedwa patebulo ndi funso loti "munali kuti nthawi yonseyi?" Tinali pamzere wawo womwewo.

Kwa inu zinayamba kusiyana pakhomo pomwe. Zolembetsa ndi mapepala zinayenda mwakuti sitikukumbukira bwino kuti tinadutsa mawindo angati. Chimene tikukumbukira n'chakuti adokotala anakhala pansi, anamuyeza mwana ataimirira ndiponso atagona, anaona chithunzi cha chotupacho chimene tinajambula pa foni chitatuluka, kenaka anatenga pepala n'kujambula. Anafotokoza kuti mwana wamwamuna asanabadwe machende amatsika kuchokera m'mimba kudzera m'kanjira ka pachinena, ndipo kanjirako kamayenera kutsekeka. Kakapanda kutsekeka, thumbo limalowamo. N'chifukwa chake vutoli limakonda ana aamuna ndi ana obadwa masiku asanakwane, ndiponso limakonda mbali ya kumanja. Silibwera chifukwa mwana walira kwambiri, kapena chifukwa mayi anabereka molakwika, ndipo kutemera mphini kapena kumanga chotupa ndi nsalu sikuthandiza kanthu. Anatiuzanso momveka zimene sizidikira tsiku lopatsidwa: chotupa chikalimba, chikamapweteka, chikakana kubwerera, mwana n'kumasanza, makamaka masanzi obiriwira, ndiye kuti thumbo lakanirira ndipo magazi akhoza kuleka kufikako. Zikatero m'pofunika kuthamangira kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, osamupatsa chakudya. Kumene tinayenda konse kuja palibe anatchulapo zimenezi, chonsecho ndi zimene zimapha ana.

Tsopano za anamwino aja.

Chinthu chovuta kwambiri kwa mwana wa msinkhu uwu ndi njala ya opaleshoni isanachitike, chifukwa sungamufotokozere kuti amve. Madzulo oti mawa lake ndi opaleshoni, anamwinowo sanangonena kuti "asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku" monga amachitira ena pofuna kufupikitsa nkhani. Anatenga kabuku n'kulemba m'Chichewa, ndi nthawi yake pambali: phala, nsima, buledi, mkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini asiye kutatsala maola 6, bere asiye kutatsala maola 4, madzi oyera kapena madzi a shuga angathe kumwa mpaka kutatsala maola 2. Anafotokozanso chifukwa chake, kuti mwana akagonetsedwa ndi mankhwala satha kutsokomola, ndipo zimene zili m'mimba zikabwerera kukhosi zimalowa m'mapapo. Anati tikamupatsa kanthu mobisa chifukwa cha chisoni, tinene ndithu, sadzatikalipira, angosintha nthawi. Mawu amenewo ndi amene amachititsa kholo kunena zoona.

M'mawa mwake kunabwera mwana wina wodwala mwadzidzidzi amene anayenera kulowa ku thiyeta msanga, ndipo dzina lathu linabwerera m'mbuyo. Zimenezo n'zomveka, tsiku lina akanakhala wathu. Koma kwina konse ukanangokhala pa benchi mwana akulira mpaka mawu kusasa, wopanda wokuuza kanthu. Anamwino awa anapita okha kukafunsa ogonetsa odwala kuti mwana alowa nthawi yanji, anawerengera maola, anabwera ndi kapu ya madzi ofunda a shuga, anagwada pansi n'kumumwetsa pang'onopang'ono. Anati mwana wamng'ono akakhala nthawi yaitali osamwa kanthu shuga amatsika m'thupi, amafooka, ndipo mitsempha imabisala moti kuika kanyula, kapaipi kolowetsera mankhwala mu mtsempha, kumavuta. Atatha analemba nthawi yatsopano m'kabuku muja. Palibe anawatuma, ndipo wodi inali yodzaza.

Sanathere pomwepo. Anabweretsa kachigoba kaja kophimba mphuno ndi kamwa, kamene mwana amapumiramo mpweya wogonetsa, n'kumupatsa kuti aseweretse. Anayamba kukaika pamphuno pawo, kenaka pa mayi ake, kenaka pa kagalimoto kake ka pulasitiki, mpaka mwana anakalanda n'kudziika yekha akuseka. Nthawi itakwana anamunyamula okha, kagalimoto kali m'manja, ndipo sanalire mpaka chitseko chinatsekeka. Kwa mayi ake anati, "Amayi, khalani apa, musachoke, ndikubwera kudzakuuzani ine." Ndipo anabweradi, ola lisanathe, kudzanena kuti zatheka.

Chinthu china chimene anatichenjeza, chimene chikanatiopsa kwambiri, n'chakuti ana ena akamadzuka ku mankhwala ogonetsa amalira mwaukali, amaponda miyendo, sazindikira ngakhale mayi awo. Zimatha zokha pakapita mphindi zowerengeka, ndipo chofunika ndi kumugwira bwino kuti asazule diripi kapena kugwa pabedi. Zinachitikadi momwemo. Agogo ake anali atayamba kale kupemphera mokweza, koma anamwino anali pomwepo, dzanja limodzi lili pa diripi, akunena motsitsa kuti "ndi zija ndinanena zija". Mwana atadekha anayamba ndi madzi pang'ono, atakhala osasanza anayamwa, kenaka phala. Anatiuza kuti tiyang'anire mkodzo woyamba n'kuwadziwitsa, komanso kuti tisamulole kuimirira yekha msanga poti akhoza kudzandira.

Pa nthawi yotuluka anatenga sirinji yopanda singano, anaona kulemera kwa mwana m'kabuku, makilogalamu 12, n'kuwerengera pamaso pathu. Panado wa ana ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, ndiye kwa iye ndi 180. Botolo limene tinapatsidwa linali la mamiligalamu 120 pa mamililita 5, choncho mlingo wake ndi mamililita 7.5, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Anajambula mzere ndi cholembera pa sirinjiyo kuti aliyense pakhomo, ngakhale wosadziwa kuwerenga, athe kuyeza. Anatsindika kuti tisagwiritse ntchito sipuni ya tiyi poti masipuni amasiyana kukula, kuti tikagula botolo lina tiwerenge kaye chifukwa alipo amphamvu kuposa amenewa, ndiponso kuti tisaphatikize ndi mankhwala a chimfine amene ali kale ndi panado mkati. Asipirini anati ayi ndithu kwa mwana. Masiku awiri oyamba anati tizimupatsa pa nthawi yake osadikira kuti alire, chifukwa ululu ukakula umavuta kuutsitsa.

Za bala anatisonyeza ndi chala. Ndi kakang'ono, mwina masentimita awiri kapena atatu, kali mumkwinya wa khungu pansi pa mimba, ndipo ulusi wake uli mkati, umasungunuka wokha, palibe kubwera kudzachotsa. Masiku awiri oyamba lisanyowe, mwana azingopukutidwa ndi kansalu. Thewera lizisinthidwa pafupipafupi ndi kupindidwa kutsogolo kuti lisakhule bala, ndipo chimbudzi chikafikapo tizitsuka ndi madzi owiritsa ataziziritsa n'kuumitsa bwino. Osapakapo mafuta, phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Kutupa pang'ono ndi kuda kwa khungu kumachende n'kozolowereka ndipo kumachepa pakapita masiku. Koma thupi likatentha, bala likafiira mofalikira, likatuluka mafinya kapena kutseguka, mwana akamasanza osaleka kapena mimba ikatupa, tibwerere msanga. Anawonjezera kuti kutentha thupi kukabwera tisangoti ndi bala basi, ayezedwenso malungo. Ngakhale za kubereka mwana kumsana anaziganizira: anamanga chitenje n'kusonyeza kuti masiku oyamba chisakokedwe kwambiri, mwana asatsamire pabala. Poopa kudzimbidwa, kumene kumachititsa mwana kudzikanka, anati tizimupatsa madzi ambiri, papaya ndi masamba. Kusewera anati tisamuletse, mwana amadziwa yekha pamene pakumupweteka, kungomupewetsa kukwera zinthu ndi kudumpha.

Zonsezi sizinawatengere nthawi yaitali, ndipo sizinafune mankhwala odula kapena makina ochokera kunja. Tikudziwa kuti kuyambira pamene malo anu anatsegulidwa mu 2017 anthu amakamba za nyumba yokongola, zipinda za opaleshoni ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya, ndipo zimenezo n'zoyamikirikadi. Koma sirinji, cholembera ndi kapu ya madzi zilipo pa chipatala chilichonse m'dziko muno, mpaka chaching'ono cha kumudzi. Tikudziwanso kuti anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndipo malipiro ake amachedwa kapena kuperewera. Anamwino awa amalandira kuchokera m'thumba lomwelo la boma limene amalandirako aja oponya mabuku, ndipo odwala amene amawasamalira ndi ambiri chimodzimodzi. Palibe anatifunsa ya fanta, ndipo palibe anatifunsa kuti tikudziwana ndi ndani mkatimo.

Pempho lathu ndi lakuti malangizo amene anamwinowa analemba pamanja m'kabuku ka mwana wathu asindikizidwe m'Chichewa pa pepala limodzi, kholo lililonse lizilandira, ndipo lina litumizidwe ku zipatala zimene zimakutumizirani ana, kuti kumeneko adziwe kuti chotupa cha pachinena pa mwana si choti n'kudikira nacho. Tikupemphanso kuti kalatayi iikidwe mu faelo ya anamwinowo, ikawonedwe pa nthawi yokweza anthu pa ntchito. Adokotala ochita opaleshoni, ogonetsa odwala, okolopa amene anatisonyeza potunga madzi ndi pochapira, ndi alonda a pageti, nonse tikuti zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ndife,
Makolo ndi agogo a mwanayo.