Lipoti la ulendo wa ku Limbe kwa Asilamu a mzikiti wathu ku Nchalo

Assalamu alaikum a Shehe, a tcheyamani, akuluakulu, amayi ndi achinyamata.

Munandituma ku msonkhano wa makomiti a mizikiti ya m'matauni, ndipo ndapita ndabwera bwino, alhamdulillah. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa a msungichuma, ndalama yotsala ndabweza. Aliyense wofuna kuona akaone.

Za kalembedwe ka mabuku a ndalama zinali zomwe timazidziwa kale. Za zakaat, chopereka cha Asilamu chothandizira osauka, anati atitumizira kalata.

Chimene chinandigwira mtima ndi swala ya Lachisanu. Mumzere umodzi munaima Ayao, amwenye a masitolo, Aburundi, Alomwe ndi Achewa amene analowa Chisilamu atakula kale, phewa ndi phewa. Khutuba, ulaliki wa Lachisanu, inayamba m'Chiarabu, kenako a Shehe anaimasulira m'Chichewa, ndipo palibe amene anatuluka osamva. Amayi ali ndi khomo lawo, mpopi wawo wa wudhu (kusamba asanaswali) ndi sipika yomveka bwino. Wina anatikumbutsa kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi onse, ndipo amene akudzaza mizikiti ya m'tauni sakuchokeranso ku Mangochi ndi Machinga kokha.

Abale, nkhani imeneyi ndi yathu. Makolo athu anatsikira kuno kudzagwira ntchito ya nzimbe kampani ya shuga ya Sucoma itayamba m'ma 1960, ndipo nthawi imeneyo Chiyao chinkakwanira. Lero tili ndi amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique m'ma 1980, tili ndi alamu athu Asena ndi Amang'anja, tilinso ndi amene madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anawasamutsa m'midzi mwawo. Nanga n'chifukwa chiyani zilengezo za ndalama ndi za maliro timazinenabe m'Chiyao? Mayi wa Chisena amene amasesa mzikiti uno amamva nkhani za mzikiti wake kudzera kwa mdzukulu wake.

Msonkhano unagwirizana kuti komiti iliyonse ikhale ndi amayi komanso anthu a mitundu yonse imene imaswali pamalopo. Ine ndinakweza dzanja ndi mtima wonse, koma ndikudandaula kuti sanaike tsiku loyambira. Ife tisadikire kalata.

Nkhani ya sikiri, kuimba kotamanda Mulungu, pamaliro anaidumpha, poopa kuti a Qadiriya amene amachita sikiri ndi a Sukuti amene amaikana angakangane. Pamenepa sindinagwirizane nawo. Kuno taona banja likuima patali ndi manda a bambo awo chifukwa cha mkangano umenewu, ndipo mpaka lero palibe wa komiti amene anapita kukawapepesa. Ana a banja lija anasiya kubwera ku madrasa.

Ndiye pali denga la mbali ya amayi. Tinasonkha ndalama ya malata namondwe Ana atadutsa mu 2022, koma amayi akuswalibe pansi pa lona ndi kutentha kwa kuno ku chigwa. A tcheyamani, sindikuloza munthu chala, koma anzathu a ku Limbe amapachika lipoti la ndalama pakhomo la mzikiti mwezi uliwonse, ndipo ifenso tikhoza kutero.

Ndikupempha kuti Lachisanu likubwerali tikamaliza swala tisabalalike. A msungichuma abwere ndi buku, ndipo amayi asankhiretu awiri owayankhulira.